Mipando iwiri mu Villa Empain

Mu foni yanga muli cithunzi cimodzi cimene ana a m'kalasi langa la Giredi 11 amakonda kupambana zonse zimene ndinabwera nazo kucokera ku Belgium. Ndi cithunzi ca dziwe losambiramo kumbuyo kwa nyumba ya mwala wotuwa, madzi ali phee, mizati italizinga. Tsiku loyamba kuwaonetsa, mnyamata wina wa ku Kanyama, amene kwao madzi amalowa okha m'nyumba dzinja lililonse, anakweza dzanja nati, "Ba Ticha, mwini wake amasambamo kangati pa wiki?" Ndinamuyankha kuti amene anaimanga sanakhalitsemo n'komwe, ndipo lero mulibe bwana amene amagonamo. Kalasi lonse linati ndanama.

Nyumbayo dzina lake ndi Villa Empain. Ili mu mzinda wa Brussels, pa msewu wa Avenue Franklin Roosevelt, kumayadi kwenikweni kwa mzindawo, kumene kuli maofesi a akazembe ndi mitengo italiitali, pafupi ndi yunivesite ya ULB. Ndinafikako mwamwayi cabe. Tinali aphunzitsi angapo pa maphunziro a masabata awiri, ndipo masana ena opanda kalasi mnzathu wa komweko anati tiyeni mukaone nyumba yabwino. Tinakwera tramu, kukuzizira koti zala sizimva. Kuyambira tsikulo nyumbayi yakhala ikundivuta m'mutu, ndipo ndaganiza kuti ndiikambe pano, cifukwa ambiri a inu amene mulemba ndakatulo ndi kujambula mumalota tsiku limene malo otere adzakuitanani.

Mbiri yake iyambira pa ndalama za atate. Édouard Empain anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri amene Belgium inabalapo. Anali ndi banki, makampani a magetsi ndi a matramu m'maiko ambiri. Kampani yake ndiyo inayendetsa sitima za pansi pa nthaka za ku Paris, ndipo m'cipululu pafupi ndi Cairo anamanga mzinda wathunthu wochedwa Heliopolis. Mfumu Leopold II inamupatsa ulemu wa Baron mu 1907. Anamwalira mu 1929, ndipo caka cotsatira mwana wake Louis, ali ndi zaka 22 cabe, anaitana katswiri wolemba mapulani a nyumba, Michel Polak wa ku Switzerland, kuti amumangire pogona. Ganizani, zaka 22. Pa msinkhu umenewo ine ndinali kukangana ndi anzanga atatu za amene wamaliza shuga mu kacipinda ka renti.

Nyumba inatha mu 1934. Kamangidwe kake ndi kamene amati Art Deco: mizere yowongoka, zokongoletsa zocepa, koma ciliconse copangidwa ndi cinthu codula kwambiri cimene ndalama ingapeze. Zipupa za kunja ndi mwala wa granite wopukutidwa mpaka kung'anima. M'makona ndi m'mbali mwa mawindo muli mizere ya citsulo yokutidwa ndi golide weniweni. Ukalowa upeza holo yaikulu ya marble, kuwala kukutsika kucokera pa magalasi a kudenga, ndi matabwa a mitengo yocokera kumaiko akutali, osalala ngati mwana wasamba kumene.

Louis sanakhalitsemo. Mtima wake unapita ku Canada ndi ku nchito zothandiza ana, ndipo mu 1937 anapereka nyumbayo ku boma la Belgium kuti ikhale myuziyamu ya zaluso. Apa m'pamene inayamba kusintha alendi ngati nyumba ya m'komboni. Mu 1943, nkhondo ili pakati, asilikali a Germany anailanda. Nkhondo itatha boma linaipereka ku Soviet Union kuti ikhale ofesi ya kazembe wao, zimene sizinali m'pangano, ndipo m'ma 1960 banja la Empain linaitenganso. Mu 1973 inagulitsidwa. Wailesi ndi TV ya RTL inagwiriramo nchito mpaka kuciyambi kwa ma 1990. Pambuyo pake inatsala yokha, mvula ikulowa, ndipo anthu anaononga ndi kuzula zimene anatha kuzula. Amene munaonapo nyumba yosiyidwa ikutha mafelemu usiku umodzi mudziwa mmene zimayendera. Njala ya zitsulo za eni ilibe khungu.

Bungwe la Boghossian Foundation linagula bwinjalo mu 2006. Caka cotsatira nyumbayo inalembedwa pa zinthu zakale zotetezedwa ndi lamulo, ndipo nchito yoikonzanso inatsogoleredwa ndi katswiri wina, Francis Metzger. Inatsegulidwa kwa anthu onse mu April 2010, ndipo mu 2011 inalandira mphotho ya Europa Nostra, imene imaperekedwa ku nchito zosunga zinthu zakale ku Ulaya. Lero muli zionetsero za zojambula, makonsati, misonkhano ya olemba, ndiponso zipinda za pambali zimene amisiri ocokera kutali amakhalamo kwa kanthawi akugwira nchito zao.

Coyamba ndiyamike, cifukwa kunama sikungandithandize. Nchito ya manja imene ili m'nyumbamo ndi yoopsa. Ndinaima pa citseko cina nthawi yaitali ndikufunafuna pamene thabwa lakale lathera ndi pamene latsopano layambira, ndipo sindinapapeze. Ndinakulira m'nyumba za alandilodi amene kukonza kwao ndi kupaka penti pamwamba pa mng'alu ndi kukweza renti mwezi wotsatira. Kuona anthu amene anakhala pansi ndi zithunzi zakale, kufunafuna mwala wofanana ndi woyamba, kumata golide wopyapyala kuposa pepala pa mzere uliwonse, kunandicititsa nsanje yabwino. Pali ulemu wina umene mmisiri amapereka kwa mmisiri mnzake amene anafa kale, pokana kucita cinyengo pa nchito yake. Ulemu umenewo ndinauona, ndipo ngati mu Lusaka tikanakhala nao ngakhale theka, nyumba zina zakale za mu Cairo Road sizikanabisika kumbuyo kwa zikwangwani za matokitaimu.

Koma kukonzanso nyumba ndi kusankha caka. Nyumba imene yakhala zaka pafupifupi 90 ili ndi nkhope zambiri, ndipo wokonza ayenera kuloza imodzi ndi kunena kuti iyi ndiye yeniyeni. Pa Villa Empain anasankha 1934, nthawi imene zonse zinali zatsopano ndipo palibe anali atakanda cipupa. Ndimvetsa cifukwa cake. Ndiyo nkhope yokongola. Cimene cinandivuta ndi cakuti zaka zimene nyumbayi inagwiradi nchito, za nsapato za asilikali, za akazembe onong'onezana, za mawaya a wailesi, za akuba a usiku, maso sazipeza pa zipupa. Uyenera kuziwerenga kapena kuuzidwa. Zili ngati ambuye anu apita ku situdiyo, wojambula n'kufafaniza makwinya onse mpaka aoneka ngati namwali. Cithunzi cikongola, koma amene munalira pa miyendo yao simuwapezamo.

Ndipo nyumba yokongola motere ndi mnansi woipa wa zojambula. Ndinalipira kuti ndione cionetsero, koma lero mukandifunsa zimene zinali pa zipupa ndikumbuka zocepa. Cimene ndikumbuka ndi zipupa zenizenizo. Zipinda zinamangidwa kuti zikhale zogona, zodyera ndi zocezera za mnyamata wolemera, osati holo yoyera imene imadzibisa kuti cojambula cioneke. Wojambula amene aika nchito yake mmenemo alimbana ndi marble, ndipo marble ndi mkulu kwa iye. Ena angati kulimbanako ndiko kukoma kwake. Mwina. Ine ndinamvera cisoni amisiri.

Manje tifike pa nkhani imene yandilembetsa zonsezi. Bungweli limacha nyumbayi malo a zaluso ndi a kukambirana pakati pa zikhalidwe za Kum'mawa ndi za Kumadzulo. Ukadziwa kumene eni ake acokera, mau amenewa sungawaseke. Banja la Boghossian ndi la mtundu wa Armenia, ocita malonda a miyala ya mtengo wapatali, ndipo kwao kwakale ndi ku Mardin, dera limene lero lili mu Turkey. Mu 1915, pamene anthu a mtundu wao anali kupululidwa mu ufumu wa Ottoman, anathawira ku Aleppo. Kucoka kumeneko anakhazikika ku Beirut, ndipo m'ma 1970, Lebanon ikulowa m'nkhondo ya pacibale, ananyamukanso kupita ku Antwerp ndi ku Geneva. Bungwe lao analiyamba mu 1992, Robert Boghossian ndi ana ake Jean ndi Albert, ndipo nchito zake zoyamba zinali kuthandiza anthu ku Armenia pambuyo pa civomezi ca 1988. Jean nayenso ndi wojambula, amene amagwiritsa nchito moto ndi utsi m'malo mwa penti wamba.

Pali cinthu cokoma pamenepa cimene sindifuna kucicepetsa. Nyumba imene inamangidwa ndi mwana wa Baron, imene asilikali a Hitler anakhalamo, lero ili m'manja mwa adzukulu a anthu othawa nkhondo, ndipo iwo atsegula geti kuti aliyense alowe. Anthu amene ataya nyumba katatu adziwa mtengo wa denga. Akamati Kum'mawa ndi Kumadzulo akambirane, akukamba za njira imene mapazi a makolo ao anayenda.

Koma ine ndine mphunzitsi, ndipo kampasi imene ndimajambula pa bolodi ili ndi mbali zinai. Ndinaima mu holo ija ndikudzifunsa kuti, pa mipando iwiri imeneyi, wanga ndi uti? Kum'mawa sindine, Kumadzulo sindine. Wina anganene kuti ndiye kuti nkhaniyo si yanga, ndipite kumene andiitana. Ndikanavomera, cikanakhala kuti nyumbayi ilibe cocita ndi ife a Kummwera. Koma ili naco.

Mu 1902 Édouard Empain anayambitsa kampani ya njanji mu Congo, imene mwacidule amati CFL. Panthawiyo Congo sinali ngakhale koloni ya Belgium. Inali munda wa munthu mmodzi, Leopold II, ndipo mbiri ya manja odulidwa cifukwa ca mphira muidziwa kucokera ku Giredi 10. Kampaniyo inapatsidwa malo okwana mahekitala 4 miliyoni, pamodzi ndi ufulu wofunafuna miyala. Njanji zake zinalumikiza mbali za mtsinje wa Congo zimene masitima a pamadzi sangadutse: kucoka ku Stanleyville, imene lero ndi Kisangani, kufika ku Ponthierville, kucoka ku Kindu kufika ku Kongolo, ndi kucoka ku Kabalo kufika ku Albertville mu 1915. Albertville ndiyo Kalemie ya lero, pa gombe la nyanja ya Tanganyika, nyanja yomweyo imene imatipatsa kapenta ndi buka buka wa ku Mpulungu. Boma la nthawiyo linali kutenga amuna m'midzi mokakamiza kuti akagwire nchito zotere. Mu 1923 gulu la makampani a Empain linatsegulanso kampani ya migodi imene inali kukumba golide ndi miyala ina kum'mawa kwa Congo.

Ndisamale pakamwa. Sindikunena kuti golide wa pa makona a nyumbayi anacokera ku Kivu, kapena kuti cuma conse ca Empain cinali ca ku Congo. Cambiri cinacokera ku matramu ndi magetsi a ku Ulaya. Sindikuikanso mlandu wa Baron pa mutu pa banja la Boghossian, limene panthawiyo linali kuthawa lupanga kwao. Mwambi wa cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, unabwera m'mutu mwanga, koma ndinaubweza, cifukwa ndi wosavuta kwambiri ndipo umapatsa munthu cilolezo cotaya mkuyu wonse osaulawa. Cimene ndikunena ndi ici: m'thumba limene mnyamata wa zaka 22 anatengamo ndalama yolipira Polak munalinso thukuta la anthu a ku Maniema ndi a m'mbali mwa Tanganyika, anansi athu. Iwo ali mu maziko a nyumbayi. Dzina la macezawo lawasiya panja.

Kunena zoona, nyumbayi nthawi zina imapyola dzina lake. Mu 2017 munali cionetsero cochedwa Mondialité, cozikidwa pa maganizo a Édouard Glissant, wolemba wa ku Martinique, mdzukulu wa akapolo ocokera ku Africa, amene moyo wake wonse anatsutsa kugawa dziko m'mabokosi otsekeka. Kuitana maganizo a munthu wotere m'nyumba ya mipando iwiri ndi kuvomera kuti mipandoyo siikwana. Mu 2019 munali cionetsero ca Heliopolis, mzinda uja Baron anamanga ku Egypt, zimene zionetsa kuti eni nyumba saopa kutsegula mabuku a banja la Empain. Ndiye cionetsero cimene ine ndilakalaka ndi ca Kindu ndi Kalemie: amisiri a ku Congo apatsidwe holo ya marble ija, aike zimene afuna, ngakhale cidutswa ca njanji ya dzimbiri pakati pa cipinda codyera. Lubumbashi ili ndi ojambula okwanira kudzaza nyumbayo kawiri. Sammy Baloji, wobadwira kumeneko, wakhala zaka zambiri akusanjikiza zithunzi zakale za anchito a m'migodi pa zithunzi za mabwinja a migodiyo lero, ndipo Brussels amaidziwa bwino. Si ulendo wautali.

Si ulendo wautali ngakhale pa mapazi. Madzulo a tsiku lomwelo tinakadya ku Matonge, dera la anthu a ku Congo mu Brussels, limene linatenga dzina ku komboni ya ku Kinshasa. Ndi makilomita ocepa cabe kucoka pa nyumba ija. Kumeneko kunali rumba, masaluni, nsomba youma, cinangwa, anthu akukuwa mu Lingala ndi Ciswahili, ndipo thupi langa linamasuka koyamba tsiku limenelo. M'pamene ndinazindikira kuti masana onse ndinali kuyenda ndi manja kumbuyo, kulankhula monong'ona, kuyang'ana nsapato zanga ngati zasiya matope. Palibe anandiuza kutero. Onse amene ndinakumana nao anali aulemu. Ndi mwala umene unandilamula, monga mmene geti la kumayadi limakuuzira kuti ugogode pang'onopang'ono ngakhale galu kulibe. Nyumba yomangidwa kuti ionetse kuti mwini wake ali pamwamba siileka kukamba zimenezo cifukwa cakuti pa khomo alembapo kuti takulandirani. Kukambirana kumene kucitikira mmenemo kumayamba wina ali kale kwao, wina akupukuta mapazi.

Ndipo kuti upukute mapaziwo uyenera kufika. Ciphaso colowera ku maiko a Schengen cinakwera kufika pa 90 euro mu 2024, ndipo akakukana ndalamayo siibwera. Imeneyo si nkhani ya eni nyumba, sindiwo amagawa ziphaso. Koma aliyense amene amatsegula malo ku Ulaya n'kuwacha a maiko onse ayenera kudziwa kuti citseko cake ceniceni cili pa windo la ofesi ina, kutali, kumene wolemba ndakatulo wa ku Mtendere afunsidwa sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu.

Nditabwerako ndinapita ku Kabwata Cultural Village tsiku lina pa Sande, kumene sindinapondeko kuyambira ndili mwana wa sukulu. Tinyumba tozungulira tija tinamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti mukhale anchito acikuda a mu Lusaka. Tambiri tinagwetsedwa m'ma 1970 kuti pamangidwe mafulati, ndipo tocepa tinasiyidwa kuti mukhale osema ndi ovina. Nayonso ndi nyumba yakale imene inasanduka malo a zacikhalidwe, koma kuno cimene cinasungidwa ndi pogona wanchito, osati pogona bwana. Sindikuti kwathu kuposa. Udzu wa pa madenga ena ukulira, ndipo malonda a ziboliboli kwa alendo aphimba mbiri ya malowo kotero kuti ana ambiri aganiza kuti ndi mudzi wongopeka. Ku Brussels anasunga nyumba mwaluso n'kusalaza zipsera. Ife zipsera tili nazo, koma tikuzigulitsira pamwamba minyanga ya mtengo. Ndinawerama polowa pa kakhomo kamodzi, ndipo msana unandiuza msinkhu umene womanga anaganiza kuti munthu wakuda ayenera kukhala nao.

Sabata yotsatira ndinabweza cithunzi ca dziwe cija m'kalasi, pamodzi ndi mapu a Congo. Tinatsata njanji ndi coko kucoka ku Kabalo kufika pa nyanja, ndiyeno ndi cala kutsika m'madzi mpaka ku Mpulungu. Ndinawapatsa nchito yolemba kalata ya tsamba limodzi kwa eni nyumba, yonena cimene angaike mu holo ija atapatsidwa makiyi kwa mwezi umodzi. Ambiri analemba za makonsati, wina anafuna kuikamo tebulo la pool. Mtsikana wina wacete, amene amai ake amagulitsa salaula ku Soweto ndipo agogo ake anacokera ku Kasumbalesa, analemba kuti iye sangaike ciliconse. Angacotse madzi onse mu dziwe, n'kulemba pansi pake maina a masiteshoni onse a njanji ija, kuti wofuna kuwawerenga atsike pa makwerero ndi kuima pansi, nyumba ili pamwamba pake.

Mnyamata wa ku Kanyama uja sanalembe kalata. Anabwera pa desiki langa belu italira, nati iye funso lake lija sindinamuyankhe bwino, ndipo afuna kudziwa ngati alonda a usiku amaloledwa kusambamo.